Vuto Lathu Ndi Adzukulu

Kuseri kwa msika wa Sharpevale, ukawoloka njanji n'kutsetsereka pang'ono, kuli malo amene tinkawatchula kuti ku Penshoni. Sunali mudzi, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene mchombo wake unagwera pamenepo. Onse anachita kugula mapuloti: aphunzitsi opuma, apolisi opuma, akalaliki a m'maofesi, ndi anthu a kunjanji ngati bambo anga. Aliyense atalandira kangachepe kopumira pantchito anamanga chinyumba cha njerwa zootcha, zipinda mbwee, ati ana akamadzabwera asamadzasowe pogona. Anawo sanabwere. Matipate atangoyamba, aliyense wa mawondo abwinobwino anapeza pasipoti n'kulowera ku Joni, otsala anamwazikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, akazi awo ndi ana awo omwe. M'zipinda zija munkagona matumba a chimanga ndi makoswe.

Ine ndinafikako banja langa litatha. Mayi anali atatisiya kale, achimwene anga awiri ali ku Joni, ndiye ndinati ndikakhale ndi bambo ndiziwaphikira. Zaka makumi anayi ndinali nditazidutsa, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku, koma ku Penshoni ndinali khanda. Lamulungu loyamba lomwe anandisankha kukhala wapampando wa achinyamata kutchalitchi. Wachinyamatayo ndinali ine ndekha, moti misonkhano yathu inkayenda bwino kwambiri, popanda wotsutsa. Sande sukulu inali itafa kale imfa yachilengedwe, ndipo abusa akabwera kudzabatiza ankangopereka moni n'kufunsa amene akudwala.

Munthu wofuna kudziwa zaka za anthu a ku Penshoni sankafunika kufunsa, ankangoyang'ana zimene zikuyenda malonda. Mnyamata wina wa ku Kasinje anatsegula vidiyo ya mafilimu a nkhondo. Anthu analowa ndithu, koma onse anagona tulo mfuti zili pakati polira, ndipo mwini wake anamanga katundu. Wometa tsitsi anatha miyezi akuthamangitsa ntchentche, poti mitu yambiri inali itadzimeta yokha. Inenso ndinatsegula okala pakhonde pathu, n'kukaoda masiwiti, mabisiketi ndi mafuta onunkhira a atsikana, ndipo amene anandithokoza ndi nyerere. Nditachangamuka ndinayamba kuoda mapiritsi a msana, mafuta otikitira mawondo, fodya wa m'mphuno ndi mabatire a wailesi, ndipo sindinagonenso ndi njala. Ndinaikanso sola yotchajira mafoni, chifukwa ntchito yaikulu ya kwathu inali kudikira foni ya ku Joni. Ana a ku Joniwo sanali ouma manja ayi. Ankatumiza mabulangete, mapoto onyezimira, masofa oti pakhomo ankachita kulowa chammbali. Chimene sichinkakwana m'basi ndi iwo eni ake.

Koma amene zinamuyendera koposa tonse ndi kalipentala. Anasiya kukhoma mabedi ndi mipando n'kumangokhoma mabokosi a maliro, ndipo pasanapite nthawi anagula njinga yamoto. Akamadutsa ankapereka moni kwa aliyense mwaulemu kwambiri, maso akuyeza kutalika kwa munthuyo. Andale okha ndi amene sankaona zonsezi. Kampeni ikafika ankabwera ndi mipira ndi majezi, n'kulalikira kuti tsogolo la dera lino ndi achinyamata. Ife tinkawomba m'manja, mpira n'kulandiridwa ndi mkulu woyendera ndodo.

Bokosi tinali nalo pafupi, koma dzenje lolowamo bokosilo linkafuna anthu, ndipo apa ndi pamene panagona nkhani ya bambo anga. Kumidzi maliro akagwa, amuna a mabanja ena amalawirira kumanda ndi makasu, ndipo amenewo ndiwo adzukulu. Wachibale sakumba manda a mbale wake. Ku Penshoni malo a manda tinali nawo, eni nthaka anatidulira, koma adzukulu anali atatsala atatu: bambo anga, mphunzitsi wamkulu wina wopuma amene makutu anali atatha, ndi wapolisi wopuma amene tonse tinkangowatchula kuti a Sajeni. Wamng'ono pa atatuwo anali woti kumudzi kwawo akanakhala akuwotha dzuwa basi. Bambo ndiwo ankatsogolera, poti moyo wawo wonse anagwira piki ndi fosholo pokonza njanji. Dzenje lawo linkakhala lowongoka bwino, ndi kachipinda ka m'mbali kogonekamo bokosi kuti dothi lisaligwere pamwamba. Ankati munthu akalowa m'nyumba yake yomaliza azilowa ngati mwini nyumba.

Akabwerako kumanda sankatha kukhala pampando. Ankagona chafufumimba pamphasa, ine n'kumawathowa msana ndi madzi otentha uku ndikuwakalipira. Ndinkawauza kuti tsiku lina tidzangowakwirira iwo omwe m'dzenje la mnzawo kuti ntchito ichepe. Iwo ankaseka, kenako n'kufunsa funso lomwelomwelo, lakuti nanga iwo akadzagona adzawakumbira ndani. Ndinkawayankha mwachipongwe kuti asade nkhawa, ine sindinaonepo munthu atasiyidwa pamtunda. Koma kunena zoona funsolo linkandilasa, chifukwa yankho ndinalibe.

Chaka china kunabwera bungwe. Dzina lake ndaliiwala, linali lalitali, lolembedwa pachitseko cha galimoto yoyera. Anati abwera kudzamva mavuto athu kuchokera pakamwa pathu, ulemu umene tinali tisanaulandirepo chiyambire. M'galimotomo munatsika mayi wachizungu atavala chitenje mokhota, ndi mtsikana womasulira, wobadwira ndi kukulira m'tauni, Chichewa chake chomveka ngati chobwereka. Tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, ndipo anthu anagwirizana kuti bambo ndiwo atilankhulire.

Bambo anavala jekete lawo la maukwati, anaimirira n'kuvula chipewa. Munthu wamkulu satchula imfa ndi manda pagulu, pamaso pa alendo, ngati akutchula tomato pamsika. Ndiye anazungulira monga mwa ulemu wake.

"Zikomo alendo athu. Ife kuno vuto lathu ndi adzukulu. Eni ake a ntchito imeneyi anapita ku Joni, yatsalira ife okalamba. Misana yatha. Tikusowa pogwira, ndipo za mawa sitikudziwa kuti zidzatha bwanji."

Gulu lonse linavomera ndi mitu. Mtsikana uja anaweramira kukhutu kwa mzungu n'kunong'oneza, mzunguyo anagwira pamtima, misozi ili lengelenge. Tinati koma lero kwabwera anthu akumva. Bambo anali asanafike pa pempho lenileni. Iwo ankafuna kunena kuti kukanakhala chigayo cha mpunga, poti kudambo anthu amalima mpunga wothirira, mwina anyamata ena akanapeza chochita n'kukhazikika pafupi nafe. Koma mtsikanayo anayang'ana wotchi, n'kunena kuti zamveka agogo, musadandaule. Galimoto inanyamuka chifukwa ankawadikira ku Manjawira, kumene anthu enanso anali ndi mavuto ofunika kuwamva mwachangu.

Patapita miyezi kunafika lole itanyamula simenti, malata ndi zitsulo zopaka utoto wofiira ndi wachikasu. Bambo ndi a Sajeni anazizungulira zitsulozo, akugogoda ndi ndodo, a Sajeni n'kumati mwina ndi makina okumbira a masiku ano. Amisiri atazilumikiza zinapezeka kuti ndi akatungwe.

Tinazimvetsa bwinobwino tsiku lotsegulira, mtsikana uja akufotokoza pa chimkuzamawu. Anati bungwe lawo linakhudzidwa kwambiri ndi kulira kwa agogo a ku Penshoni, amene atopa ndi kulera adzukulu osiyidwa ndi makolo opita ku Joni, mpaka misana yatha ndi kubereka ana kumbuyo. Kumene anakulira mtsikanayo mdzukulu ndi mmodzi yekha, uja amakhala pamwendo. Winayo, wa khasu, anali asanamumvepo. Choncho anatimangira sukulu ya mkombaphala, yokongola kuposa tchalitchi, makoma ojambulidwa njovu ndi zilembo. Anafunika ana oti aimbe nyimbo ndi kujambulidwa, koma ku Penshoni konse ana a msinkhu umenewo sankadzaza ndi benchi imodzi yomwe. Tinachita kukabwereka kumidzi ya kutsidya kwa njanji, madzulo n'kukawabweza kwa eni ake.

Bambo anamukokera pambali mtsikanayo n'kumufotokozera, ulendo uno mosazungulira. Apa m'pamene mtsikanayo anazindikira kuti anamva molakwa. Kenako anati thandizo la chaka chimenecho linali la ana, za maliro bungwe lawo siligwira, koma nkhaniyo akaitula kwa akuluakulu. Sitinamuonenso. Mwanayo sindimuda. Ndimada amene anamutuma kudzamva mavuto a anthu m'chilankhulo chimene ankachidziwa theka.

Sindinganame kuti sukuluyo inapita pachabe. Ufa wa phala la soya unkabwera ndithu, ndipo opanda mano ku Penshoni anali ambiri. Nthawi ya phala ikayandikira unkaona ndodo zikulondolana kulowera ku mkombaphala, aliyense kapu ili m'thumba la jekete, ati akukaona ngati ana akudya bwino. Pa akatungwe tinkamangirirapo mbuzi. Bambo okha sanapondeko, ankati iwo anapempha anthu, sanapemphe phala.

Kenako mphunzitsi wamkulu uja anatsamira mkono, adzukulu n'kutsala awiri. Nthawi imeneyo bambo anali atagona ndi chifuwa, ndipo a Sajeni okha sakanatha. Ana a malemuwo anafika kuchokera m'tauni pa magalimoto, n'kunena kuti imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Anakatenga aganyu kumsika, aja amatsitsa matumba m'malole. Aganyuwo anabwera atalawa kale kachasu. Ankakumba foni ikuimba nyimbo za m'mabawa, akusekana, wina mpaka anakataya madzi kuseri kwa mtanda wa munthu. Bambo anadzikoka kupita ku mwambo woika atatsamira paphewa langa. Nthawi yotsitsa itakwana, bokosi linakana kulowa. Dzenje linali lalifupi, lokhota, lopanda kachipinda. Anayesa kulipendeketsa bokosilo, tonse n'kumva thupi likusuntha m'katimo. Analitulutsanso n'kuliika padothi, padzuwa, kwaya ikubwereza nyimbo yomweyomweyo, aganyu akukulitsa dzenje uku akutukwanizana kuti walakwitsa ndani. Munthu amene anaphunzitsa ana a anthu zaka zonse zija analowa m'manda ngati thumba lokanirira pakhomo la minibasi.

Pobwerera ndinayenda ndi bambo mpaka tinafika panjanji. Pamenepo anaima n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Mwana wanga, ine ndakumbira anthu ambiri, ndipo sindinapemphepo kanthu. Ndikupempha chimodzi chokha. Usadzandipereke kwa aganyu."

"Nanga okumba akadzasowa, bambo?"

"Usadzandipereke kwa aganyu."

Ndinavomera. Ndinavomera ndikudziwa kuti ndikulonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwanga, ndipo ndinapsa mtima njira yonse. Ndinakwiyira achimwene anga, ndinakwiyira Joni, ndinakwiyira ndi mbuzi zomwe zinali pa akatungwe.

Bambo anatisiya m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene dothi la makande limauma gwa n'kung'ambika ming'alu yolowa phazi. Ndinaimbira achimwene. Analira pafoni, ndipo ndikhulupirira kuti kulirako kunali koona. Anati mapepala awo sali bwino, akatuluka sadzalowanso, koma bokosi ligulidwe lapamwamba, la zogwirira zonyezimira. Za kumanda anati ndisavutike, ndingopeza anyamata kumsika. Ndinawauza zimene bambo ananena panjanji paja. Achimwene aakulu anati bambo anali atakalamba, ndipo womwalira saona amene akumukumbira. Ndinawayankha mawu oti sindingawalembe pano, n'kudula foni.

M'mawa mwake a Sajeni analawirira kumanda okha ndi piki. Dzuwa litakwera anabwera kusiwa, kumene ife amayi tinakhala mozungulira bokosi, n'kundiitanira pakhomo. Malaya anali atanyoweratu, zikhatho zili matuza okhaokha. Anati dzenje lafika m'mawondo, ndipo piki ikungodumpha. Mkulu amene ankadzitama kuti ankagwira mbava ndi dzanja limodzi analira pamaso panga, akupepesa ngati wolakwa ndi iye. Akulu a mpingo nawonso anabwera, mwaulemu wawo, kudzandikumbutsa kuti kunja kukutentha ndipo thupi silingadikire mawa. Aganyu anali atamva kale. Anakhala pamthunzi kutsidya kwa msewu, akudikira kuti ndigonje.

Ndinatsala pang'ono kugonja. Ndinabwerera m'nyumba, ndinakhala pansi pafupi ndi bokosi lonyezimira lija, n'kuwauza bambo chamumtima kuti andikhululukire, ndayesetsa. Mtima unandiwawa kuposa pamene ankatsirizika.

Pafupi nane panakhala mayi oyandikana nafe nyumba, amasiye, olima mpunga kudambo. Manda a amuna awo anakumba ndi bambo. Sanali munthu wolankhulalankhula. Anandiyang'ana, kenako anaimirira, anamanga chitenje m'chiuno molimba ngati akupita kopalira, n'kufunsa amayi anzawo kuti makasu awo ali kuti. Amuna a ku Penshoni ambiri anakwatira akazi ocheperapo zaka, ndiye timphamvu timene tinatsala m'deralo tinali m'manja mwa amayi, kungoti palibe amene anaganizapo zoyang'ana kumeneko. Anadzuka angapo, a imvi ndi a imvi pang'ono, onse oti khasu analiyamba ali atsikana.

Atatulukira pabwalo ndi makasu, abambo anatekeseka m'mipando. Wina anati zimenezi sizinachitikepo, mkazi sakumba manda, amenewo ndi malaulo. Wina anati dera lonse lisekedwa mpaka ku boma ku Ntcheu. Mayi aja sanakweze mawu.

"Zoona abambo, mwambo mukuudziwa ndinu. Khasu ili. Amene akuudziwa bwino mwambowo atsogole."

Analitambasula khasulo n'kudikira. Palibe analilandira. Wina anayamba kufunafuna ndodo yake pansi pa mpando, wina chifuwa chinamugwira mwadzidzidzi. Amayi anadutsa pakati pawo n'kulowera kumanda, a Sajeni akutsatira pambuyo.

Mwana wa malemu sachoka pasiwa maliro asanatuluke, koma ine ndinalephera kupirira. Patapita nthawi ndinawalondola, onena anene. Ndinapeza atatunga madzi pamjigo, akuthira m'dzenje kuti dothi lifewe. Ankalowa awiriawiri mosinthana, akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. A Sajeni anakhala pachitsa m'mphepete, akuloza ndi bango loyezera kuti apa dulani, apa wongolani, kachipinda kayambire apa. Panalibe wotukwana, panalibe woseka. Kachipinda katatha, mayi oyandikana nafe aja anagwada m'dzenjemo n'kumasalaza makoma ndi manja ngati akuzira m'nyumba. Ine ndinaima patali, poti wachibale sagwira khasu, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire m'nyumba muja. Manyazi ndi kunyada zinandigwira pamodzi, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti chinaposa n'chiti.

Bambo tinawaika madzulo a tsiku lomwelo, ndipo bokosi linatsika bwinobwino n'kulowa m'malo mwake osagunda paliponse. Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi chimene chinachitika dzenje litangotha.

Okumba manda amadyera kumanda komweko. Chakudya amawapititsira ndi amayi, n'kuwagwadira powathira madzi osamba m'manja. Tsiku limenelo opititsa chakudyawo ndi amene anali m'dzenje. Chinabwera ndi agogo awiri oyenda modzikoka, anachitula pansi pa mtengo n'kukhala pansi kupuma. Amayi anatuluka m'dzenje matope mpaka m'zigongono, n'kungoima, osadziwa kuti ayambire pati, chifukwa palibe mwa iwo amene anadikirapo kuti munthu amusambitse m'manja.

A Sajeni, Mngoni wa kumapiri amene chibadwire anali asanatungirepo munthu wamkazi madzi ngakhale akumwa, anadzuka pachitsa paja. Anatenga beseni ndi jagi. Kugwada kunawatengera nthawi, bondo limodzi kaye, dzanja litagwira pansi, kenako linalo. Anavula chipewa n'kuchiika padothi.

"Sambani, adzukulu," anatero.

Mayi oyandikana nafe aja anatambasula manja, ndipo madzi anatsikira m'beseni ali bii ndi makande.